Mira, Vitz, Aqua, Sienta kapena X-Trail: iti yokwana thumba lanu ndi msewu wa kwanu?

Alamu anga anandiimbira foni Loweruka kuti aphatikiza ndalama za soya ndi kangongole ka kuntchito, akufuna galimoto yatsopano ndiwathandize kusankha. Tikati yatsopano kunoko tikumvana, ndi ija yongofika kumene kuchokera ku Japan ikadali ndi nambala ya IT. Ya zero mileji ya mu showroom ilipo ndithu, monga Toyota Starlet imene kwenikweni ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, imabwera ndi waranti ndipo munthu umagona tulo, koma ndalama yake ambirife sitingaifike. Ndiye tiyeni tikambe zomwe timagula enafe.

Iwo mtima unali kale pa X-Trail. Ine ndinawafunsa kuti alamu, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu galimotoyi izidutsa msewu uti, ndipo muzikweramo anthu angati? Anayamba kundiuza za kumudzi ku Ntchisi, za matope a mu Januwale. Nditafunsitsitsa zinapezeka kuti kumudziko amapitako katatu pachaka, masiku ena onse ndi ku Area 25 kupita m'tauni, kusiya ana kusukulu, kubwerera. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya abale, timagula galimoto ya ulendo wa pa Khirisimasi kenako chaka chonse tikuilirira pa pampu.

Tiyambe ndi kotsika mtengo. Daihatsu Mira ili ndi injini ya 660cc, masilinda atatu, ku Japan ili m'gulu la timagalimoto ting'onoting'ono tomwe lamulo sililola kupitirira 660cc. Kugula ndi yotchipa, msonkho wake ndi wochepa chifukwa MRA imayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, matayala ake ndi ang'ono osaboola m'thumba, ndipo mafuta imangonyambita. Nthawi ya mizere ya mafuta ija, wa Mira akapeza malita 10 amayenda nawo sabata yathunthu ali phee. Ngati moyo wanu ndi Chilobwe kupita ku Limbe, kapena Kawale kupita ku Old Town, muli awiri kapena atatu, ine sindingakuletseni. Koma mukakwera anayi akuluakulu, thumba la chimanga kumbuyo, mwayatsa aircon, n'kuyamba kukwera mapiri ochokera ku Chikwawa kapena Chiweta, kainjini kaja kamalira momvetsa chisoni, ndipo kupitirira thiraki pa M1 kumafuna msewu wautali woonekera bwino. Thupi lake ndi lopepuka, basi yaikulu ikamadutsa mumamva kakugwedezeka. Ya m'tauni imeneyi, osaikakamiza ntchito yomwe sinapangidwire.

Toyota Passo ya injini ya 1.0 (1000cc) ili pang'ono pamwamba pa Mira, malo m'kati ndi abwinoko, koma injini ya masilinda atatu ija imanjenjemera mukaima pa roboti makamaka ma mounting akatopa. Ngati ndalama ikulolani, dumphani mufike pa Vitz ya 1.3. Kusiyana kwa 1.0 ndi 1.3 pa pepala kumaoneka kochepa koma pa chitunda mumakumva m'phazi, ndipo pa ulendo wautali ya 1.3 siimwa kwambiri kuposa inzakeyo chifukwa simukuipondereza mpaka pansi nthawi zonse. Ubwino waukulu wa Vitz ndi woti mukafika ku Biwi kapena ku Ndirande n'kunena kuti ndikufuna shock, ball joint, nyali, galasi la kutsogolo, palibe amene amakuuzani kuti dikirani masabata atatu tiitanitse. Makaniko aliyense pansi pa mtengo wa mango anaitsegulapo. Ndipo tsiku lomwe zavuta mukufuna kuigulitsa, simutha sabata ziwiri musanapeze munthu.

Tsopano nkhani yomwe imatenthetsa mitu, Aqua kapena Vitz. Aqua ndi hybrid ya 1.5, kutanthauza yoyendera petulo ndi batire pamodzi, inayamba kutuluka mu 2011, ndipo pa mafuta palibe kutsutsana, m'tauni imapitirira makilomita 20 pa lita ikakhala ili bwino. Pomwe magalimoto ena amawotcha petulo ali chiimire pa mzere wa m'mawa, iyo imazimitsa injini n'kumakwawa ndi batire. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati mumayenda makilomita 30 patsiku, masiku 22 pamwezi, ndi makilomita 660. Galimoto yopanga 10 pa lita ikufuna malita 66, yopanga 20 ikufuna 33. Chulukitsani kusiyanako ndi mtengo wa petulo wa lero, kenako ndi miyezi 12, muona kuti ndi fizi ya mwana imeneyo.

Koma Aqua ili ndi zinthu ziwiri zomwe wogulitsa sakuuzani. Choyamba ndi yotsika, pansi pake pali 140mm basi, ndiye mahampu a m'makwalala athu aja omwe amamanga anthu okha ndi njerwa, kapena msewu wokumbika ndi madzi a mvula, mumamva khwaa pansi mtima n'kudumpha. Chachiwiri ndi batire lalikulu lija lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'kati mwa galimoto momwemo. Ndinaona ndi maso anga makaniko wina atachotsa kafani kameneka pa Aqua ya mnzanga wokhala kumsewu wa fumbi, mapiko ake onse anali atamatirira fumbi lofiira losakanikirana ndi tsitsi ndi ulusi wa zovala, anachita kukokota ndi mswachi wakale mpaka kadzanja kodzaza. Batire likamatenthedwa choncho limafa msanga, ndipo kusintha kwake si ndalama yamasewera. Kumbukiraninso kuti Aqua ya 2012 batire lake lagwira ntchito zaka zoposa 10 musanaione n'komwe. Ndiye musagule osaiika pa kompyuta kuti muone thanzi la batire, ndipo kafaniko kazitsukidwa. Wokhala pa tala, woyenda kwambiri tsiku ndi tsiku, Aqua imabweza ndalama yake. Woyenda pang'ono, wokhala kutali ndi makaniko odziwa za hybrid, ine ndimati Vitz, mtima uzikhala m'malo.

Honda Fit ndimaikonda, m'kati ndi yotakasuka kuposa momwe imaonekera kunja ndipo mipando yakumbuyo imapindika mpaka kulowetsa katundu wodabwitsa. Chenjerani ndi Fit hybrid ya 2013 ndi 2014 yokha, giyabokosi yake ndi ya mtundu wina wa ma clutch awiri ndipo a Honda eni ake anaziitanitsa kangapo ku Japan kuti akakonze. Ya petulo wamba ya 1.3 ilibe nkhani imeneyo. Nissan Note mtengo wake umakopa, malo a miyendo kumbuyo ndi ambiri, kungoti pogulitsa siithamanga ngati Toyota.

Pano ndiime kaye pa giyabokosi chifukwa zimandipweteka ndikaona munthu wataya galimoto yabwino pa chinthu chopeweka. Magalimoto ambiri a ku Japan omwe tikutchulawa ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imayendera lamba wachitsulo, ndipo iliyonse ili ndi oyilo wake. Toyota imafuna wa TC kapena FE, Nissan NS-2 kapena NS-3, Honda nayo wake. Galaja ina inathira ATF wamba, oyilo wa giyabokosi ya automatic yosakhala CVT, mu galimoto ya achemwali anga, anati zonse ndi automatic, sipanathe miyezi itatu inayamba kunjenjemera ponyamuka kenako kulira, mapeto ake giyabokosi yonse kugula ina. Mukapita ku sevisi muzipempha kuona chigubu chomwe akuthira, muwerenge nokha, si mwano umenewo, ndi ndalama zanu.

Kwa a banja lalikulu mpikisano uli pakati pa Sienta ndi Freed, zonse 1.5, zonse zimakhala ndi mizere itatu ya mipando ndi zitseko zokoka zija zothandiza ana akamatsika pamalo opanikizika. Sienta mukuidziwa, ndi yomwe yadzaza m'masiteji kunyamula anthu, ndipo chimenechi ndi umboni wa kulimba kwake komanso chifukwa chake masipeya ali paliponse. Koma ndi chenjezonso, Sienta yogula kwa munthu konkuno yang'anitsitsani ngati sinali ya hayala, chifukwa ija inanyamulapo anthu 10 ndi matumba tsiku lililonse imakhala itatha ma shock ndi ma bush onse ngakhale penti ikuwala. Freed ndi yofewa poyenda, m'kati yooneka bwino, ndipo mzere wachitatu munthu wamkulu amakhalako bwinoko, koma masipeya ena mumayendera pang'ono. Zonse ziwiri mukadzaza anthu 7 ku buti kumatsala malo a tizikwama tiwiri basi, musaganize kuti mukwana anthu ndi katundu wa ku chinkhoswe nthawi imodzi.

Ngati galimoto ikhale yogwira ntchito, kunyamula mabelo a kaunjika, makatoni, feteleza, musachite manyazi ndi Probox. Ilibe kukongola, mpando wakumbuyo ndi wouma, phokoso la msewu limalowa, koma inapangidwira katundu. Amene akufuna katundu ndi ulemu pamodzi ayang'ane Corolla Fielder, kapena Axio ngati buti yotsekeka ikukwanirani. Injini yake ya 1.5, 1NZ ija, imayendera tcheni osati lamba, mukamasintha oyilo pa nthawi yake imakalamba nanu. Pa Lilongwe kupita Blantyre, makilomita opitirira 300 aja, Axio imakhazikika pamsewu mosiyana kwambiri ndi Vitz kapena Passo, mumafika msana usanatope. Kwa ine munthu wa ndalama zapakatikati woyenda m'tauni komanso maulendo a M1 kawirikawiri, apa ndi pomwe ndalama yake imagwira ntchito bwino kuposa pena paliponse.

Tibwerere kwa X-Trail ya alamu. Sindikuinyoza ayi. Ndi yokwera, pansi pake pali pafupifupi 200mm, ya 4WD imatuluka m'matope momwe Vitz ingagone, ndipo ngati ndinu mlangizi, mphunzitsi kapena wa zaumoyo woyenda misewu ya fumbi sabata iliyonse, kapena kwanu kuli kuseri kwa dambo lomwe dzinja limadula, mukuifunadi, iyo kapena RAV4. Koma injini ndi 2.0, m'tauni muziyembekezera makilomita 9 kapena 10 pa lita, msonkho wake ndi wokwera, matayala a size 16 kapena 17 anayi okha ndi ndalama yoti munthu akhale pansi kaye. Ndipo yomwe imafanana mtengo ndi Axio yabwino nthawi zambiri imakhala yakale kwambiri kapena ya mileji yambiri, ndiye mukugula mavuto omwe mwini wake woyamba anawathawa. Mazda CX-5 ya dizilo ndi yokongola ndipo ili ndi mphamvu, koma dizilo wamakonoyu sagwirizana ndi timaulendo tifupitifupi ta m'tauni, mwaye umaunjikana m'kati, amafuna kuthamangitsidwa pa msewu wautali pafupipafupi.

Za bajeti, mtengo womwe mumauona pa intaneti kwa ogulitsa magalimoto a ku Japan ngati Be Forward kapena SBT ndi chiyambi chabe. Uli m'madola, ndipo aliyense amene anali pakati posunga ndalama mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti akudziwa momwe maloto a Axio anasandukira a Passo usiku umodzi. Pamwamba pake pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, za padoko, ejenti, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF, inshulansi. Funsani ejenti akuwerengereni msonkho musanatumize ndalama, chifukwa galimoto yakale kwambiri yooneka yotchipa ku Japan msonkho wake umatha kudya zonse zomwe mumati mwapulumutsa. Yogula pa yadi konkuno imakwera mtengo koma mumaiona, mumaiyendetsa, makaniko wanu amalowa pansi pake. Njira iliyonse yomwe mwasankha, musathere ndalama yonse pogula, siyani ina ya sevisi yoyamba, batire ndi matayala, chifukwa zambiri zimabwera ndi matayala okalamba kapena a chisanu aja ofewa omwe pa tala wotentha wa mu Okutobala sachedwa kutha.

Alamu aja tinakhala pansi ndi pepala, ana atatu, makilomita awo a tsiku ndi tsiku, maulendo atatu a ku Ntchisi. X-Trail inagwa pa mafuta, Aqua inagwa pa kamsewu kolowera kunyumba kwawo komwe kali ndi ngalande yodutsa pakati, Sienta anaikana okha kuti anthu 7 sadzawanyamula kawirikawiri. Tatsala pa Fielder ya 1.5, ndipo ulendo wa mu Januwale tagwirizana kuti galimoto izitsala pa trading centre, kotsalako azikwera njinga yamoto. Lachiwiri tikukaona ziwiri ku Biwi, ndawauza abwere ndi makaniko wawo ndi tochi.