Buku la malipoti a ndalama za boma la Nyasaland: zamkati ndi zolemera, koma kasindikizidwe kake ndi kogwetsa ulesi

Nyenyezi 3 mwa 5.

Bukuli ndinaitanitsa pa intaneti kwa ena amene amajambula zikalata zakale n'kuzisindikizanso. Asonkhanitsa malipoti a chaka ndi chaka a boma la atsamunda kuyambira 1907, chaka chimene dzina la British Central Africa linasinthidwa kukhala Nyasaland, mpaka m'zaka za m'ma 1930. Ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndipo ndinkafuna kuti ana aone ndi maso awo mmene boma la ku Zomba linkapezera ndalama ndi kumene zinkapita. Ndaligwiritsa ntchito teremu yathunthu.

Linafika bwinobwino, chikuto n'cholimba, mapepala sathothoka ngakhale ladutsa m'manja mwa ana ambiri. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Chimene chandikhutiritsa ndi masamba amene aika ndalama zolowa ndi zotuluka moyandikana. Ku mbali ya zolowa, mizere iwiri ndiyo imakukoka maso chaka chilichonse: msonkho wa nyumba ndi msonkho wa katundu wodutsa pa kasitomu. Wa nyumbawo ankapereka ndi anthu akuda. Kuyambira 1902 nyumba imodzi inkalipira masheleni 6, koma amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira masheleni 3 okha, ndipo tsankho limeneli linathetsedwa mu 1921. Mwana wa fomu 3 safunika kumufotokozera zambiri apa. Amaona yekha kuti msonkhowo unalinso chikwapu chothamangitsira anthu ku minda ya thonje, fodya ndi tiyi. Ukafika pa nkhani ya thangata ndi kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ana amakhala atamvetsa kale gwero la mkwiyo.

Ndiye utembenukire ku zotuluka. Malipiro a bwanamkubwa ndi ma DC, apolisi, ndende, asilikali a King's African Rifles, nyumba za boma, mapenshoni a azungu opuma ntchito. Maphunziro uwafufuze ndi chala. M'zaka zoyambirira za bukuli boma linkapereka £1,000 pachaka kuti mamishoni onse agawane, ndipo dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Tinawerengera m'kalasi: paundi imodzi ndi masheleni 20, ndiye £1,000 ndi masheleni 20,000. Pa msonkho wotsika uja wa masheleni 3, zimenezi ndi nyumba zosakwana 6,700. M'dziko lonse, kuyambira ku Port Herald (Nsanje) mpaka ku Karonga! Mtsikana wina anabwereza samuyo kawiri poganiza kuti waphonya ziro.

Gawo la njanji ndilo landithandiza kwambiri ineyo monga mphunzitsi. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908. Ya Trans-Zambezia, yochokera cha ku Beira, inatsegulidwa mu 1922, ndipo ngakhale yonse inali m'dziko la Apwitikizi, boma la Nyasaland ndilo linaikidwa chikole pa chiwongoladzanja cha ngongole yake. Kenaka mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotsegulidwa mu 1935, n'kuwonjezera katundu wina pamutu. Ukamatsegula malipoti motsatana umaiona ngongoleyo ikubwera chaka ndi chaka, pamene zipatala ndi sukulu zikungopatsidwa nyenyeswa. Mabuku a sukulu amangoti Nyasaland inali yosauka. Apa umaona kumene ndalama zochepazo zinkathera.

Tsopano zimene zandichotsetsa nyenyezi ziwiri.

Buku la manambala liyenera kukhala ndi manambala owerengeka. Ili ayi. Anajambula mwachisawawa, ndipo m'masamba ambiri 3 ndi 8 sizisiyana, 1 ndi 7 chimodzimodzi. Mizere ya mapaundi, masheleni ndi mapeni ndi yopanikizana kale, ndiye inki ikafalikira pang'ono, peni imalowa m'nyumba ya sheleni. Pofuna kutsimikiza nambala imodzi umayenera kuphatikiza mzere wonse kuchokera pamwamba, uku ukukumbukira kuti mapeni 12 ndiwo sheleni. Choipitsitsa n'chakuti masamba ena aakulu, amene poyamba anali opinda, anawajambula osawatambasula. Tsamba lina lili ndi mayina a nthambi za boma kumanzere, koma ndalama zake kumanja zinadulidwa. Ndinawalembera ogulitsawo. Anayankha mwaulemu kuti chikalata chimene anajambulacho chinali chomwecho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mulibenso mawu otsogolera kapena mlozera. Palibe amene akukuchenjeza kuti malipoti oyambirira amawerenga chaka cha ndalama kuyambira Epulo mpaka Malichi, n'chifukwa chake amalembedwa zaka ziwiri monga 1912-13. Palibe amene akukuuza kuti Port Herald ndi Nsanje, Fort Johnston ndi Mangochi. Masamba awiri okha akanakwana. Chingerezi chakenso ndi cha m'maofesi akale, ndipo kwa ana ndimayenera kumasulira ndime ndi ndime.

Wogula adziwenso kuti awa ndi mawu a boma lodziwerengera lokha. Msonkho ukatoleredwa wambiri, lipoti limakondwa. Za amesenjala ogwira akazi n'kuwasunga pa boma mpaka amuna awo alipire, kapena za nyumba zotenthedwa chifukwa cha msonkho, musayembekezere kuzipeza m'mizere ya ndalamayi. Sindikuwaimba mlandu osindikiza pa zimenezi, koma aphunzitsi anzanga musalipereke kwa ana lokha popanda buku lina la mbiri pambali pake. Komanso poti layambira 1907, mulibe nthawi ya Harry Johnston, pamene kampani ya Cecil Rhodes inkathandiza boma ndi £10,000 pachaka. Amene mukufuna zaka za m'ma 1890 mufufuze kwina.

Kwa aphunzitsi ndi ongokonda mbiri, gulani, koma mugulirenso galasi lokulitsa zilembo. Kwa amene mukulemba kafukufuku wa ku yunivesite, nambala iliyonse mukaitsimikize pa chikalata chenicheni musanailembe. Osindikiza akadzajambulanso masamba opinda aja n'kuikamo mlozera, ndidzawonjeza nyenyezi imodzi.