Two Mile Reef pambuyo pa namondwe Freddy: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinaphunzira kusambira pansi pa madzi ku Nkhata Bay, pakati pa mbuna ndi miyala ya m'nyanja yathu, ndipo kwa zaka zingapo ndinkasunga ndalama kuti ndikaone makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zolimba ngati miyala, ku zilumba za Bazaruto ku Mozambique. Ndinalipira ulendo wa mu Meyi 2023. Kenako pa 24 Febuluwale namondwe Freddy anatera kufupi ndi Vilankulo, tauni yoyandikana ndi zilumbazi, yemwe uja anabwereranso mu Malichi n'kudzagumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe. Ndinalembera kampani yomwe ndinasungitsako malo kuti ndidziwe ngati kunatsala choti munthu n'kukaona.

Yankho lawo ndi lomwe ndawapatsira nyenyezi zambiri. Sanandinyengerere. Anati malo osaya anavulala, madzi amayera tsiku lina, lina ayi, ndipo ngati ndikufuna andisinthira tsiku popanda kulipiritsa. Ndinapitabe.

Two Mile Reef, malo a makorali omwe tinakasambirako, ili kunja kwa mpata wa pakati pa zilumba za Bazaruto ndi Benguerra, ndipo boti limanyamuka potengera kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, osati wotchi yanu. Ulendo woyamba tinatsika mamita 18. Kumeneko sindikadadziwa kuti kunadutsa namondwe. Makorali akuluakulu obulungira ngati zulu anali chilili, nsomba zili mbwee, kamba wa m'nyanja mmodzi akudya osatilabadira. Wotitsogolera, bambo wachikulire wa konkuno, anali atatiuza kale pa boti kuti mphamvu ya mafunde imathera pamwamba, ukamatsika imachepa.

Ulendo wachiwiri, pamalo osaya, m'pomwe mtima unandiwawa. Makorali a nthambi aja, omwe pazithunzi amaoneka ngati nyanga za gwape, ambiri anali atathyoka n'kuunjikana m'maenje ngati zinyatsi za chimanga mukatha kukolola. Ena ooneka ngati tebulo anali chagada. Mchenga unakwirira mbali ina, ndipo pa zidutswa zakufa ndere zinali zitayamba kale kumera. Bamboyo anandikodola n'kundilozera kanthambi kamodzi kothyoka komwe kanakanirira pamwala, nsonga zake zili zoyera. Ine ndinkayesa kakufa. Titakwera anandifotokozera kuti nsonga yoyera pa mtundu umenewu ndi pomwe ukukulira, ndipo chidutswa chikagwera pamalo olimba chimatha kugwira n'kuyamba moyo watsopano, pomwe chogwera pamchenga chimangogubuduzika mpaka kufa. Makorali a nthambi amathyoka msanga koma amakulanso msanga. Obulungira aja amakula pang'onopang'ono kwambiri, mwina sentimita imodzi pachaka, n'chifukwa chake kupulumuka kwawo kunandisangalatsa kuposa nsomba zonse.

Wotitsogolera uja anali wolimba pa lamulo loti tisakhudze kanthu. Mzungu wina anatola kachidutswa kuti akasunge kwawo, ndipo anauzidwa pompo kuti akabweze. Malowa ali m'paki ya boma ya zilumba za Bazaruto, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kuyambira 2017 ikuyendetsedwa mothandizana ndi bungwe losamalira mapaki la African Parks.

Tsono nyenyezi imodzi ndachotsayo. Zida zobwereka zinali zotopa. Magalasi oonera pansi pa madzi omwe anandipatsa ankalowa madzi, ndipo paipi ya mpweya inkatulutsa tithovu pamfundo mpaka anandisinthira tili kale pa boti. Chachiwiri, palibe anandifunsa kuti ndinazolowera madzi otani. Ife a kunyanja ya Malawi tiyenera kudziwa kuti madzi amchere amamuyandamitsa munthu kwambiri, choncho zitsulo za m'chiuno zomwe zimakukwanira ku Cape Maclear kuno zimachepa. Ndinavutika kumira mphindi zoyamba, anzanga akundidikira pansi, manyazi ndithu. Komanso ndalama yolowera m'paki inali yapadera ndipo ndinaidziwira m'mawa womwewo.

Dugong, nyama yaikulu ya m'nyanja yodya udzu wa pansi pa madzi, sindinamuone, ngakhale kuti Bazaruto imatchuka naye. Chakudya cha masana pansi pa chulu chachikulu cha mchenga chinali chabwino, nsomba yowotcha ndi mpunga.

Ngati muli ndi satifiketi yoyambira yosambira pansi pa madzi ya Open Water, pemphani kuti ulendo wozama ukhale woyamba, ndipo tengani magalasi anuanu. Amene mumangoyandama pamwamba ndi kapaipi kopumira, funsani kaye kuti akupititsani mbali iti, chifukwa mu 2023 mabala ambiri anali pamalo osaya, komwe inuyo mungathe kuona.