Ndemanga: masiku 5 pa njira ya Salkantay kupita ku Machu Picchu

Ife tinkafuna Inca Trail, njira yotchuka yoyenda wapansi kupita ku Machu Picchu, mzinda wakale wa Ainka m'mapiri a ku Peru, koma malo tinapeza atatha. Boma la Peru limalola anthu 500 okha patsiku kuyamba njira imeneyi, kuphatikizapo onyamula katundu, ophika ndi operekeza alendo, ndiye malo a mwezi wa June amagulidwa kukadali miyezi ingapo. Kampani ina ya mumzinda wa Cusco inatikopa ndi njira ina, yodutsa m'mbali mwa phiri la Salkantay: sifuna chilolezo, mtengo wake ndi wotsikirapo, komanso akuti kulibe anthu ambiri. Ine ndi mayi a kunyumba tinalipira.

Za kuchepa kwa anthuzo, tsiku loyamba ndinati basi atidyera ndalama. Ku nyanja ya Humantay, kumtunda kwa msasa wathu wa ku Soraypampa, kunali chinamtindi cha anthu obwera pa minibasi kudzangojambulitsa n'kubwerera ku Cusco madzulo omwewo. Nyanjayo ndi yokongoladi, koma umachita kudikira mnzako achoke pamwala kuti nawe uimepo.

Zinasintha mawa lake. Mwamdimamdima ophika anatigogodera ndi tiyi wa masamba a coca, tinanyamuka chisanu chili mbuu pa udzu. Ine ndinakwerapo Sapitwa kawiri, ndiye ndinkayenda modzithemba, kuiwala kuti Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe mzinda wa Cusco wokha uli pa mamita pafupifupi 3,400. Mpata wa pakati pa mapiri umene timadutsa uli cha pa mamita 4,600. Kumeneko umaponya mapazi khumi n'kuima, mtima ukugunda m'makutu. Wotiperekeza ndimuyamikire: sanatithamangitse, ankatsalira m'mbuyo ndi wofooka aliyense, ndipo mayi mutu utawalemera anawapezera kavalo osawachititsa manyazi. Pamwamba pali timilu ta miyala timene anthu akumeneko amaunjika polemekeza phirilo, ndipo Salkantay weniweniyo, wa mamita 6,271, anali pamphuno pathu. Tili chikhalire tinamva kugunda ngati bingu kumwamba kulibe mtambo. Anali madzi oundana akugumuka. Magulu ena analipo, koma otalikirana moti nthawi zambiri tinkangomva ziboda za nyulu.

Kutsika kwake mawondo amalira. Tsiku limodzi lomwelo umachoka m'chisanu n'kulowa m'nkhalango yofunda, mawa lake m'minda ya khofi, mapeyala ndi magalagadeya, ngati wafika ku Thyolo. Tengani mafuta othamangitsa tizilombo. Tintchentche ta ku tauni ya Santa Teresa tinandisiya miyendo ili zitupsa zokhazokha.

Ndalama zanga ndinaziona tsiku lachinayi pa Llactapata. Ndi mabwinja ang'onoang'ono a Ainka pamwamba pa chitunda, ndipo ukaima pakhomo la mwala umaona Machu Picchu kutsidya la chigwa, waung'ono ngati chisa pakati pa mapiri. Tinalipo gulu lathu ndi anthu ena awiri basi. Tinakhala pa udzu, nsapato titavula, osamva wina wotiuza kuti sunthani.

Madandaulo ndili nawo atatu. Chikwama chogonamo chimene anandibwereka chinali chakufa zipi, usiku wa ku Soraypampa ndinagona nditavala jekete ndi masokosi awiriawiri. Chachiwiri, sanatiuze kuti kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Hidroeléctrica katundu wathu tidzasenza tokha, maola pafupifupi atatu m'mbali mwa njanji mpaka ku Aguas Calientes, tauni ya m'munsi mwa Machu Picchu. Chachitatu si vuto la kampaniyo, koma akanatimasulira tisanalipire: oyenda Inca Trail amalowa ku Machu Picchu wapansi kudzera pa chipata cha Inti Punku, pomwe ife tinakaima pamzere wa basi mbandakucha limodzi ndi amene anabwera pa sitima dzulo lake. Mzindawu, wa mfumu ya Ainka Pachacuti, womangidwa cha m'ma 1450, miyala yake yolumikizana moti lezala silingalowe, tinauona tikupanikizana mapewa.

Chakudya chinali chabwino ndi chokwanira: supu wa quinoa (timbewu tokhala ngati mawere), mbatatesi zamitundumitundu, nsomba, ngakhale keke yophikidwa pamsasa. Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Amene mukupita, khalani kaye masiku awiri kapena atatu ku Cusco kuti thupi lizolowere, ndipo chikwama chogonamocho muchitsegule n'kuyesa zipi musanatuluke muofesi mwawo.