Summit, RMK kapena Alpha One: kusankha njinga ya pachipale yoyendera kunja kwa njira

Munthu amene wakhazikika m'chigawo cha British Columbia ku Canada, makamaka kufupi ndi tauni ya Revelstoke kumene chipale chofewa chimagwa chambiri m'miyezi yozizira, sachedwa kuzindikira kuti ma snowmobile, njinga zamoto zoyenda pachipale zija, ali m'magulu osiyana kwambiri ngakhale kuti m'sitolo amaoneka ngati ofanana. Pali njinga zimene zinapangidwira njira zosalazidwa bwino ndi makina okonza chipale, ndipo pali zina zimene ntchito yake ndi kupatuka m'njirazo n'kulowa m'nkhalango ndi m'mitsetse ya mapiri, kumene chipale chosapondedwa chimatha kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Njinga za gulu lachiwirili ndi zimene ndikuziunika pano, makamaka Ski-Doo Summit, Polaris RMK ndi Arctic Cat Alpha One. Ogula ambiri akafika kwa wogulitsa amayamba kufunsa za mphamvu ya injini, koma ine ndimaona kuti funso limenelo liyenera kubwera pambuyo pa mafunso ena awiri, lokhudza malo amene munthu azikayendako ndi lokhudza luso limene ali nalo lero lino, osati limene akuyembekezera kudzakhala nalo.

Chimene chimayendetsa njingayi ndi lamba wamkulu wa labala amene amazungulira pansi pake, ndipo lambayo ali ndi mano amene amaluma chipale n'kuchikankhira kumbuyo. Pa njinga ya m'njira lambayu amakhala wa mainchi 129 kapena 137 kuzungulira kwake, mano ake osafika mainchi awiri, pamene pa njinga ya m'mapiri amakhala wa mainchi 146, 154, 155 kapena 165, ndipo mano ake amatalika mainchi 2.5 mpaka 3, mwinanso kupitirira pang'ono. Lamba wautali amagawa kulemera kwa njinga pa malo aakulu, motero njingayo imayandama m'malo momira, ndipo wokwera amatha kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo akuganizira kolowera popanda kutitimira. Kuipa kwake n'kwakuti njinga ya 165 imakhota mochedwa ndipo imafuna mphamvu za m'mikono. Lamba wa 146 amatembenuka msanga ndipo amasangalatsa anthu okonda kudumpha, koma pa tsiku limene chipale chagwa usiku wonse amafuna liwiro nthawi zonse, chifukwa wokwera akangozengereza pa chikweza kumbuyo kwa njinga kumakhala pansi. Zikatero, kuwonjezera moto kumangofanana ndi zimene dalaivala wa galimoto yotitimira m'matope amachita akamapondabe moto, chifukwa lambayo amakumba dzenje lake lomwe, ndipo chotsatira ndi theka la ola la fosholo, kupondaponda chipale kutsogolo ndi kukoka njinga ya makilogalamu pafupifupi 200 m'mpweya wopepuka wa pamwamba pa phiri. Kwa munthu wa thupi lapakatikati amene akuyamba kumene, lamba wa 154 kapena 155 ndi amene ndimamuona kuti ndi woyenera, ndipo wa 165 ndi wa munthu wonenepa kapena woyenda m'chipale chakuya kwambiri pafupifupi ulendo uliwonse.

Chinthu chachiwiri chimene wogula ayenera kumvetsa ndi mmene njingazi zimawongoleredwa. M'njira munthu amakhala pampando n'kumakhotetsa mahandulo, koma kunja kwa njira amayenda chiimirire, ndipo njinga imakhota chifukwa chakuti waipendeketsa. Podutsa chopingasa pa mtsetse, wokwera amaika miyendo yonse mbali imodzi n'kuima pa chopondera cha kumtunda, amakhotetsa mahandulo kuloza kumunsi, kenako amawonjezera moto ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja kwinaku akukokera njinga kwa iye, mpaka ski ya kumunsi, chimodzi mwa zotsetserekera ziwiri zakutsogolo zimene zili m'malo mwa matayala, itanyamuka m'mwamba ndipo m'mphepete mwa lamba mwadula chipale. Mwendo umodzi umatsala panja n'kumapondaponda chipale cha kumtunda ngati wothandizira. N'chifukwa chake ma ski akutsogolo a njinga za m'mapiri amayandikana, mainchi 32 mpaka 38, pamene a njinga za m'njira amatalikirana mainchi 42 kapena 43. Kusiyana kwenikweni kwa makampaniwa kumaonekera pamenepa, pa mphindi imene njinga yaima ndi mbali imodzi.

Ski-Doo ndi limodzi mwa mayina akale pa nkhaniyi, popeza Joseph-Armand Bombardier anayamba kugulitsa njinga zimenezi ku Valcourt m'chigawo cha Quebec ku Canada mu 1959, ndipo masiku ano zimapangidwa ndi kampani ya BRP, injini zake za Rotax n'kumachokera ku Austria. Summit yokhala ndi injini ya 850 E-TEC, imene inatuluka koyamba mu 2017 ndipo imapereka mahosipawa 165, ndi njinga imene imakhululukira wokwera akalakwitsa. Ma Summit ambiri ali ndi lamba wa mainchi 16 m'lifupi, ndipo zitsulo zogwirizira lambayo, zimene kampaniyo imazitcha tMotion, zimalola kumbuyo kwa njinga kupendekera pang'ono kumanja kapena kumanzere, kotero kuti kuyamba kuipendeketsa sikufuna mphamvu zambiri. Akatswiri ena sakonda kufewa kumeneku, chifukwa pa chipale cholimba cha pa mtsetse waukulu kumbuyo kumatha kutsetsereka, ndipo n'chifukwa chake pa mtundu wa Expert wa masiku ano zitsulo zakumbuyozo zinalimbitsidwa kuti zisamapendekere. Chinthu china chaching'ono chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi SHOT, njira yolizira injini imene inabwera mu 2018. M'mawa wokwera amakoka chingwe kamodzi, injini ikalira imasunga magetsi m'kachipangizo kopepuka, ndipo tsiku lonselo amangodina batani popanda kunyamula batire lolemera. Amene anayesapo kukoka chingwe ali wefuwefu, njinga itagona chammbali pa mtsetse, sangachione chopepuka chinthu chimenechi.

Polaris, kampani ya ku Roseau m'chigawo cha Minnesota ku America imene inayamba mu 1954, inasankha njira ina. RMK ili ndi lamba wa mainchi 15 m'lifupi, thupi lolimba losapindika, ndipo pa mitundu yambiri mphamvu ya injini imafika ku lamba wapansi kudzera m'lamba wina wamano wotchedwa QuickDrive m'malo mwa tcheni choyenda m'bokosi la oyilo, zimene zimachepetsa kulemera. Zotsatira zake ndi njinga imene imamva msanga chilichonse chimene wokwera wachita ndi phazi kapena mkono, ndipo ikagwira mzere pa mtsetse imaugwiradi osasuntha. Kwa munthu wodziwa, amene amadutsa pakati pa mitengo yothinana, palibe chosangalatsa kuposa pamenepa, koma kwa wophunzira kumvera komweko kumatanthauza kuti cholakwa chilichonse chimaonekera nthawi yomweyo. Wogula ayeneranso kusamala ndi mayina awiri, chifukwa Pro RMK inakonzedwa kuti mutu wake uzikhala pansi pokwera chitunda, pamene Khaos inakonzedwa mwadala kuti mutu uzinyamuka mosavuta. Khaos imakoma pa zithunzi, komabe munthu amene cholinga chake ndi kufika pamwamba pa phiri n'kubwerera kunyumba asanatheretu mphamvu angachite bwino kutenga Pro. Pa injini, kuwonjezera pa Patriot 850, kampaniyi inatulutsa Patriot 9R ya 899 cc mu 2023, yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, koma yofulumira kwambiri kuyankha moto ukawonjezeredwa.

Arctic Cat ya ku Thief River Falls, ku Minnesota komweko, inabweretsa nzeru yachilendo mu 2019, pamene m'malo mwa njanji ziwiri zogwirizira lamba inaika mtanda umodzi pakati, umene ndi Alpha One. Lamba amapindika mbali zonse ziwiri za mtandawo n'kutsatira maonekedwe a mtsetse, ndipo m'chipale chakuya chofewa njingayi imapendekeka mosavuta kuposa zinzake zonse, ngakhale kuti pa chipale cholimba imafuna kuizolowera. Thupi latsopano la Catalyst linabwera mu 2024 ndipo injini ya 858 inatsatira mu 2025. Chimene chinadetsa nkhawa ogula si njingayo ayi, koma mwini kampani, chifukwa Textron, imene inagula Arctic Cat mu 2017, inalengeza kumapeto kwa 2024 kuti iimitsa kupanga, kenako mu 2025 inagulitsa kampaniyo kwa gulu lotsogozedwa ndi Brad Darling, amene kale anali mmodzi mwa akuluakulu a Arctic Cat. Yamaha nayo inalengeza mu 2023 kuti ikusiya bizinesi imeneyi, ndipo njinga zake za 2025 ndi zomaliza ku North America. Lynx ya ku Rovaniemi ku Finland, imenenso ndi ya BRP, inayamba kugulitsidwa ku Canada ndi ku America ndi mitundu ya 2022, ndipo Shredder yake imagwiritsa ntchito injini zomwezo za Rotax koma ndi masipuling'i olimbirapo, oyenera munthu wothamanga m'malo a mabampu.

Tsopano tingabwere ku funso la mphamvu lija. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene munthu wakwera, chifukwa mpweya umanka nupepuka, motero injini ya mahosipawa 165 ikafika pa mamita 2,400 imakhala itatsala ndi pafupifupi 125. Mu 2020 Ski-Doo inatulutsa 850 E-TEC Turbo, injini yoyamba ya mtundu wa two-stroke (yotentha petulo pa kuzungulira kulikonse) kuikidwa turbo kufakitale, imene inkasunga mahosipawa 165 mpaka pa msinkhu umenewo, ndipo Turbo R ya 2023 inafika pa 180. Polaris inayankha ndi Patriot Boost mu 2022. Kwa anthu oyenda m'mapiri aatali a ku Colorado ndi Wyoming ku America, kumene malo ena amaposa mamita 3,000, turbo ili ndi phindu looneka. Koma kwa munthu woyenda m'nkhalango za m'munsi za ku Quebec kapena kumpoto kwa Sweden, ndalama zowonjezerazo zikugula mphamvu imene injini wamba ili nayo kale, kuphatikizapo kulemera, kutentha ndi petulo wambiri. Ngakhale ku Revelstoke kwenikweniko, wophunzira wa chaka choyamba kapena chachiwiri sangagwiritse ntchito mphamvu zonse za 850 wamba, ndipo turbo imangomufikitsa msanga pamalo amene luso lake silingamutsitsepo. Choncho ndikafunsidwa, ndimanena kuti woyamba kumene atenge Summit 154 ya 850 yopanda turbo, amene wazolowera kuyenda ndi ski imodzi m'mwamba ayese Pro RMK 155, ndipo Alpha One aiganizire amene ali ndi wogulitsa wa Arctic Cat wodalirika pafupi.

Pali vuto lina limene m'sitolo satchula kawirikawiri. Kuti munthu afike ku malo monga Boulder Mountain kapena Frisby Ridge pafupi ndi Revelstoke, amayamba wayenda makilomita angapo m'njira yolimba, ndipo njinga ya m'mapiri sikondwa nayo njira yotere. Injini yake imazizira ndi chipale chimene lamba amawazira pa zitsulo zoziziritsira za pansi pa mpando, ndipo pa njira yolimba chipalecho sichidumpha, makamaka pa mitundu imene kumbuyo kwake kunafupikitsidwa. Wokwera ayenera kutsitsa timawaya tiwiri tokanda chipale tokhala m'mbali mwa lamba, kuyang'anitsitsa nambala ya kutentha, ndi kupatukira m'chipale chofewa nthawi ndi nthawi, apo ayi injini imatentha, mapulasitiki otsetserekapo lamba amasungunuka, ndipo mano aatali aja amatha kuthothoka ngati akuthamanga kwambiri. Munthu amene, kunena zoona, theka la maulendo ake lidzakhala la m'njira asadzinamize, koma atenge njinga yapakati monga Ski-Doo Backcountry, Polaris Switchback Assault kapena Arctic Cat Riot, za lamba wa 146 ndi mano afupiafupi. Amene akufuna kukoka nkhuni kapena katundu wopita ku kanyumba ka kutchire akufunika china chosiyana ndi zonsezi, monga Skandic ya lamba wa mainchi 20 kapena 24 m'lifupi.

Mitundu yapamwamba yambiri imaitanitsidwa m'nyengo ya masika, cha mu Marichi, n'kufika nyengo yozizira yotsatira, choncho wogula amakhala pa ubale ndi sitolo imodzi kwa nthawi yaitali, ndipo ubale umenewu ndi wofunika mofanana ndi dzina lolembedwa pa njinga. Mu 2022 Polaris inapempha eni njinga pafupifupi 230,000 kuti asazikwere kaye mpaka vuto la m'thanki ya petulo, limene likanatha kuyambitsa moto, litakonzedwa, ndipo pa nthawi ngati imeneyo makaniko wa pafupi ndi amene amachititsa kuti munthu akwere kapena akhale pakhomo. Kampani iliyonse imakumana ndi zoterezi nthawi ina, motero ndi bwino kufunsa anthu a m'kalabu ya m'deralo kuti masipeyala a mtundu uti amapezeka msanga.

Pa ndalama zimene wogula wakonza, gawo lina lisapite ku njinga ayi. Chipale chimagumuka kawirikawiri pa mitsetse yopendekera madigiri 30 mpaka 45, yomwe ndi mitsetse imene njinga zamakonozi zimakwera mosavuta, ndipo aliyense m'gulu ayenera kukhala ndi kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro pa 457 kHz, ndodo yopindika yofufuzira munthu wokwiririka, ndi fosholo yachitsulo. Zinthu zimenezi zimavalidwa pathupi ndi m'chikwama cha kumsana, osati kumangiriridwa pa njinga, chifukwa pa ngozi munthu ndi njinga amagwera kosiyana. Bungwe la Avalanche Canada, limene likulu lake lili ku Revelstoke komweko, limalengeza tsiku lililonse la nyengoyi kukula kwa chiopsezo pa muyezo wa 1 mpaka 5, ndipo maphunziro ake oyambira otchedwa AST 1 amatenga masiku awiri okha. Wokwera ayeneranso kuona mapu a malo amene boma la chigawocho linatseka pofuna kuteteza nyama za caribou za m'mapiri, zonga agwape akuluakulu, chifukwa kulowamo ndi njinga ndi mlandu wa chindapusa.