Mapu a pepala a ku Khumbu, mmene anandithandizira komanso pomwe anandikhumudwitsa

Anthu angapo akhala akundifunsa za mapu amene ndinayenda nawo ku Nepal, akuti kodi ndi ofunikadi pomwe masiku ano chilichonse chili mu foni, nde ndati bwanji ndingolemba kamodzi kuti amene akukonza ulendo wa kumapiri aatali aone yekha. Ndi mapu a pepala a dera la Khumbu, kumene kuli phiri la Everest, ndinagula mu kashopu kena ka mabuku ku Thamel mu Kathmandu tsiku loti mawa lake tikunyamuka ndipo mtengo wake sunafike ndi ma rupee 1000 omwe. Sikelo yake ndi 1:50,000 kutanthauza kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Ndineneretu kuti ndikuwayamikira kwambiri ndipo munthu asamapite kumeneko alibe, koma ali ndi zofooka zake zina zinandiwawa ndithu ndipo ndizinena zonse.

Choyamba chomwe mapuwa anandikonza m'mutu ndi pomwe dera limeneli lili. Ine ndinkangodziwa kuti Everest ndi ku Nepal basi. Dziko la Nepal ndi lowonda, lapanikizika pakati pa India kum'mwera ndi China kumpoto, ndipo Khumbu ili kumpoto chakum'mawa m'boma la Solukhumbu, mogundana ndi Tibet, dera lomwe lili pansi pa China. Ukatambasula pepala lija umaona mzere wa malire ukuyenda pamsana pa mapiri mpaka kukadutsa pansonga penipeni pa Everest, nde phirilo ndi la mayiko awiri, a ku Nepal amati Sagarmatha a ku Tibet amati Chomolungma. Pa mapu anga analemba mamita 8,848, ndi nambala yakale imeneyo chifukwa mu 2020 Nepal ndi China analengeza limodzi kuti ndi 8,848.86, koma zimenezo sizivuta kwa munthu woyenda pansi. Malire a Sagarmatha National Park nawonso anawajambula bwino, pakiyi inakhazikitsidwa mu 1976 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1979, mumalowera pa Monjo ndipo ndi pomwe amaona mapepala anu.

Kenako mitsinje. Abale anga ngati mukufuna kumvetsa dera la mapiri yambani ndi mitsinje, musayambe ndi nsonga. Pa mapuwa mitsinje inalembedwa ndi buluu wooneka bwino zedi moti ukayang'ana kwa kanthawi umaona kuti Khumbu yonse ili ngati dzanja lotambasula. Mkono wake ndi mtsinje wa Dudh Koshi, dzinalo limatanthauza mtsinje wa mkaka ndipo madzi ake ndi oyererako zoona chifukwa cha fumbi la miyala yomwe ayezi amapera kumtunda. Mukafika cha ku katauni ka Namche zala zimayamba kugawikana, chakumadzulo kuli Bhote Koshi wopita ku Thame mpaka ku mpata wa Nangpa La komwe amalonda ankadutsira kupita ku Tibet, chapakati Dudh Koshi yemweyo amakwera mpaka ku nyanja za Gokyo ndi chiayezi chachitali cha Ngozumpa m'munsi mwa phiri la Cho Oyu, chakum'mawa kuli Imja Khola wopita ku Dingboche ndi Chhukhung ndipo nthambi yake ina ndi imene imakufikitsani ku base camp, msasa womwe okwera Everest amayambira. Zigwa zimenezi zimalumikizana kudzera m'mipata itatu ya pamwamba, Renjo La, Cho La ndi Kongma La, yonse ili kupitirira mamita 5,000. Pa foni zimenezi simungazione pakamodzi, kagalasi kaja n'kakang'ono, mukakulitsa mumaona njira yokha mukachepetsa maina amasowa. Papepala zonse zili pamaso panu nthawi imodzi.

Koma chimene ndimawakondera kwenikweni mapuwa ndi timizere tofiirira tokhotakhota tija toonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Tinatsika ndege pa Lukla, ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola kuchoka ku Kathmandu ndipo kabwalo kake n'kakafupi mamita 527 okha kotsetsereka, mbali ina phiri mbali ina phompho. Lukla ili pa mamita pafupifupi 2,860 ndipo tsiku loyamba mumatsika osati kukwera, mumakagona pa Phakding cha m'ma 2,610. Usiku umenewo mu loji tinayala mapu patebulo pafupi ndi mbaula, ine n'kuyeza ndi chala kuchoka pamene tili kukafika ku Namche n'kunena kuti aa mawa ndi pafupi. Bambo amene ankatitsogolera, munthu wachikulire wodekha wa mtundu wa Sherpa, anangokoka mpando n'kuika chikhadabo chawo pomwe Bhote Koshi akukumana ndi Dudh Koshi. Anati taonani apa bwana, timizere iti tatalikirana, apa mukuyenda ngati pabwalo. Kenako anasuntha chala pang'ono pokha, mwina sentimita imodzi ndi theka, n'kunena kuti nanga apa? Timizere tinali titathinana moti pepala linkaoneka lakuda. Anati pamenepa ndi pomwe pali tsiku lanu lonse la mawa, sungani mphamvu.

Ndipo zinalidi choncho. Mukangowoloka mlatho wautali wa mawaya uja wolendewera pamwamba pa mtsinje, womangiriridwa tinsalu ta mapemphero tambirimbiri tomwe timangouluka ndi mphepo, chitunda chimayamba ndipo sichikupatsani mpata, mamita pafupifupi 600 kukwera basi mpaka Namche Bazaar pa 3,440. Papepala ndi kamtunda koti chala chimodzi chimaphimba koma ife tinatha maola oposa awiri tili wefuwefu, kuima pakona iliyonse kupatsa njira ng'ombe zonyamula katundu ndi ma porter, anthu osenza katundu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti kwatsala makilomita angati, ndinkafunsa kuti tikwera mamita angati nanga titsika angati. Kuchoka pa Lukla kukafika ku base camp ndi makilomita pafupifupi 65 okha koma anthu ambiri amatenga masiku 8 popita.

Malo ena amene mapuwa anandichenjeza ndi pakati pa Namche ndi Tengboche. Ukangowerenga manambala umati Namche 3,440 Tengboche 3,867 nde ndi kukwera mamita 400 ndi kanthu basi. Ayi ndithu. Tsatirani njira ija ndi chala muona kuti imayamba yayenda m'mbali mwa phiri bwinobwino phiri la Ama Dablam lili patsogolo panu, kenako imatsetsereka mpaka kumtsinje pa Phunki Tenga cha m'ma 3,250, nde zina mwa zomwe munakwera dzana zija mwabweza, muyambirenso mamita ena 600 m'nkhalango ya paini mpaka kukatulukira pa nyumba ya amonke achibuda ya Tengboche. Amene anali ndi ife osayang'ana mapu anakhumudwa kwambiri atafika kumtsinje kuja, ine ndinali nditakonzekera kale mumtima ndipo kukonzekera mumtima kumathandiza kuposa mmene mungaganizire.

Nkhani ya manambala a kutalikayi si yongofuna kudziwa chabe, ndi nkhani ya moyo. Mukamakwera mpweya umapepuka ndipo pa base camp, mamita 5,364, mpweya wa oxygen womwe mumakoka pakupuma kamodzi ndi pafupifupi theka la umene mumakoka m'mphepete mwa nyanja yamchere. Madokotala a zamapiri amalangiza kuti mukapitirira mamita 3,000 malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa tsiku, komanso muzipuma tsiku lathunthu pakapita masiku atatu kapena anayi. Mapuwa analemba kutalika kwa mudzi uliwonse pansi pa dzina lake nde usiku uliwonse ndinkatha kuwerengera ndekha, n'chifukwa chake anthu amagona masiku awiri pa Namche ndi awirinso pa Dingboche pa 4,410. Mnzathu wina mutu unamugwira koopsa pa Lobuche, nseru, chakudya osalowa, tulo osabwera, ndipo mankhwala enieni a zimenezi ndi kutsika. Tinayang'ana pa mapu pomwepo n'kuona kuti Pheriche ili m'munsi mamita mazana angapo komanso pali kachizindikiro ka chipatala chaching'ono, m'mawa anatsika ndi porter mmodzi ndipo pofika madzulo anali atayamba kupeza bwino. Tsiku limenelo foni yanga inali itazima kale, kuzizira kumadya batire mosaneneka ndipo kutchaja m'maloji ndi kolipira, mtengo wake umakwera mukamakwera phiri. Pepala silinafune chaja.

Mitundu ya pa mapu nayo imanena zoona. Kumunsi ndi kobiriwira, mukapitirira Pangboche cha m'ma 4,000 kubiriwira kumatha papepala ndipo pansinso mitengo imathadi, kumatsala titchire tatifupi, kenako miyala yokhayokha, kenako zoyera. Nde mumadziwiratu tsiku lomwe mphepo iyambe kukumenyani popanda pobisala.

China chimene anthu ambiri sadziwa, pa base camp Everest simuiona bwino, imabisika kuseri kwa phewa lake lakumadzulo ndi phiri la Nuptse. Ukayang'ana pa mapu umamvetsa chifukwa chake, uli m'dzenje pansi penipeni pa makoma. Malo oonera ndi kaphiri kakuda ka Kala Patthar pamwamba pa kamudzi ka Gorak Shep. Tinakwera kusanache ndi matochi, nditafika pamwamba ndinatulutsa mapu zala zili gwa ndi chisanu, n'kuwalunjika kumpoto ndi kampasi ndipo nsonga iliyonse inapeza dzina lake, Pumori kumbuyo kwanga, Nuptse kutsogolo, Ama Dablam uko kum'mwera akuoneka wamng'ono ngakhale ali ndi mamita 6,812. Chapamwamba pa Everest pamaoneka mzere wa miyala yachikasu, ndipo miyala ya kumtunda kumeneko inapangika pansi pa nyanja kalekale, inakankhidwira m'mwamba pomwe nthaka ya India inagundana ndi ya Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Ndikanakonda akanalemba zinthu ngati zimenezi kuseri kwa pepala m'malo mwa zotsatsa malonda zomwe anadzazako.

Tsopano zofooka. Chachikulu ndi maola oyenda omwe analemba m'mbali mwa njira, sindikudziwa kuti anayeza ndi miyendo ya ndani koma si ya mlendo ayi. Pomwe alemba maola 2 ife tinkatha 3, pamwamba kwambiri kuposanso pamenepo, ndipo izi n'zoopsa chifukwa munthu akhoza kunyamuka mochedwa poganiza kuti afika dzuwa lilipo, pomwe kumeneko masana mitambo imakwera kuchokera m'zigwa chifunga n'kutseka njira. Musawakhulupirire maola amenewo, onjezerani theka lake.

Chachiwiri ndi njira za pa ayezi. Anajambula kamzere kamodzi kowongoka ngati njira ya kumunda pomwe chiayezi chimayenda, chimasweka, miyala ya pamwamba pake imagumuka ndipo njira ya chaka chino si ya chaka chatha. Pakati pa Lobuche ndi Gorak Shep tinadutsa malo ena osiyana ndi zomwe zili papepala, apa ndi pomwe gaidi amafunika, mapu okha sangakuwolotseni. Akanangoika chenjezo laling'ono pamenepo bwenzi zili bwino.

Maina nawo amasokoneza, papepala alemba Thyangboche pachikwangwani pali Tengboche, apa Dughla apo Thukla, ndipo Kala Patthar pa mapu anga ndi 5,545 pomwe ena amalemba kupitirira 5,600. Izi munthu umazolowera. Chomwe sindinazolowere ndi choti mapuwa amathera pang'ono chabe kum'mwera kwa Lukla, palibe ndi kamapu kakang'ono komwe pakona koonetsa kuti Kathmandu ili mbali iti kapena misewu imafika pati. Ndege za ku Lukla zimalephereka kawirikawiri nyengo ikaipa, nthawi ya alendo ambiri zina zimanyamukira ku Ramechhap komwe ndi maola angapo pagalimoto kuchoka mu Kathmandu, ndipo pali anthu amene amayenda pansi kudzera ku Salleri kapena njira yakale ya Jiri. Ife pobwerera tinakhala masiku awiri pa Lukla kudikira kuti kuyere, tinkafuna kuona ngati n'zotheka kutsika wapansi koma pepala linali litatha pomwe funso lathu likuyambira. Zinandipweteka chifukwa ndi nthawi imene ndinkawafuna kwambiri.

Za miyezi yabwino analemba zoona, March mpaka May komanso October ndi November, mvula yamphamvu imagwa kuyambira June mpaka September. Ife tinapita mu November, kumwamba kunali mbee m'mawa uliwonse koma usiku madzi ankaundana m'botolo m'chipinda momwe.

Pepala lake ndi lofewa, ili ndi dandaulo langa lomaliza. Pofika tsiku lachisanu mopinda monse munali mutayamba kung'ambika ndipo dzina la Pangboche linafufutika chifukwa linagwera pamphindi penipeni. Mu shopu muja munali ena okutidwa ndi pulasitiki okwererako mtengo pang'ono, ndinawasiya poganiza kuti ndi olemera, tengani amenewo. Mukagula a pepala wamba matani selotepu kuseri mopinda monse musananyamuke, muwaike mu kajumbo kotseka ndipo muwapinde moti gawo la tsikulo likhale pamwamba kuti musamatambasule chipepala chonse pamphepo. Ine chigwa cha Gokyo sindinachipondeko, ndikadzabwerera ndikufuna kudzawoloka pa Cho La ndipo ulendo umenewo ndidzagula a pulasitiki aja, komanso ena apadera oonetsa kuchoka ku Salleri kukafika ku Lukla.