Mabuku ndi abwino, koma mtsikana wa pa kauntala aphunzire kulankhula ndi anthu

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za abambo achikulire amene amakhala ku ofesi ya kumbuyo. Shopu imene ndikunenayi ndi ija ya mabuku achikhristu ku Old Town mu Lilongwe, imene imagulitsanso mabuku a sukulu. Mitengo mukuidziwa kale, yakwera monga kwina konse, kungoti pano mabuku ndi enieni, osati mafotokope a m'mbali mwa msewu amene zilembo zake zimafufutika teremu isanathe.

Ndinapita kukagulira mwana wanga wa Fomu 3 mabuku a litilecha, ndikuchokera ku msonkhano wa Chigwirizano, yunifolomu ili m'thupi. Mtsikana wa pa kauntala atalandira mabukuwo anatsegula la Macbeth, sewero lachingerezi lija muli afiti atatu, kenako n'kundiyang'ana kuyambira pa duku mpaka ku nsapato. "Amayi, inu a Chigwirizano mukugulira mwana zaufiti? Mabuku akudziko awa amalowetsa ziwanda m'nyumba." Analankhula mokweza, pamzere pali anthu, ena a mpingo wathu wa ku Kawale. Manyazi anandigwira, mtima n'kutentha. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, ngati muli ziwanda, mwaliikiranji pa shelefu n'kulimata mtengo?" Iye anangotsonya. Kutsonyera munthu wa msinkhu wa mayi ake! Ndalama mukufuna, koma wobweretsa ndalamayo mukumulalikira ngati wakuba nkhuku.

Ndinali nditayamba kubweza mabukuwo pomwe abambo aja anatulukira. Anapepesa kaye, kenako anatenga Buku Lopatulika pa shelefu yomweyo natsegula Danieli 1. Anamuwerengetsa mtsikanayo vesi 4, pomwe Danieli ndi anzake anaphunzitsidwa mabuku ndi chilankhulo cha Akasidi ku Babulo, ndi vesi 17, pomwe Mulungu mwini ndiye anawapatsa nzeru za m'mabuku onsewo. Anati chimene Danieli anakana ndi chakudya cha mfumu, sukulu sanaikane. Anatsegulanso Machitidwe 17:28, pomwe Paulo, polalikira ku Atene, anatchula mawu a alakatuli a Agiriki eni ake. Nanga akanawatchula bwanji asanawawerenge? Kwa ine anangoti, "Mayi, musamusiyire yekha mwanayo, muziwerenga naye." Apa mtima unatsika, ndinalipira.

Ndipo tawerengadi limodzi, madzulo tikatha kudya. Sewerolo silitamanda ufiti ayi. Munthu amene anamvera afiti aja anapha mfumu yake, tulo n'kumuthawa, mkazi wake n'kusokonezeka mutu, iyenso n'kufa imfa yoipa. Mwana wanga ndiye anakumbukira yekha za Sauli, amene anapita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori pa 1 Samueli 28, nkhondo yotsatira n'kukhala yomaliza kwa iye. Kukambirana kumeneko sikukanabwera ndikanamvera wa pa kauntala uja.

Sindikunena kuti chilichonse chosindikizidwa chilowe m'nyumba. Timabuku tina tachikondi timene ana amabwerekana ku sukulu ndinatilanda nditangoona masamba oyamba, chifukwa ntchito yake n'kudzutsa chilakolako basi. Koma ndinayamba ndaona kaye. 1 Atesalonika 5:21 imatiuza kuyesa zonse n'kusunga chabwino, ndipo sungayese buku ukuliopa kulitsegula. Komanso mayeso a MSCE safunsa ngati mwana ndi wa mpingo uti.

Dandaulo lina: buku la ndakatulo za Chichewa linali losowa masamba ena pakati, tinazindikira tili kunyumba. Ndinabwerera nalo, ndipo amene ndinamupeza ndi yemwe uja. Moni sanandipatse, anati popanda lisiti sasintha, ngakhale chidindo cha shopu yawo chinali pa tsamba loyamba. Mwayi lisiti linali m'chikwama. Anandisinthira nkhope ili gwaa, osapepesa.

Eni shopu, abambo ajawo asungeni, ndipo mtsikanayo mumukhazike pansi. Inu ogula, wonani masamba onse musanatuluke, ndipo lisiti musataye.