Ndinakayezetsa mapepala a agogo: mawanga sanachoke, koma ndinadziwa chimene chikuwadya

Agogo anga aamuna anali mkulu wa mpingo ku Magwero, kuja kumene amishonale a Dutch Reformed anayamba ntchito mu 1899. Atamwalira anatisiyira bokosi lachitsulo: makalata olemba pamanja, chiphaso cha ubatizo, ndi maenvulopu olembedwa Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Bokosilo linakhala kunsi kwa bedi zaka zambirimbiri. Nditalitsegula mvula ili pakati, mtima unandiwawa. Mapepala anali mawangamawanga ofiirira ngati dzimbiri, ena achikasu, ongothetheka ukawagwira.

Ine ndinkafuna kukawamatitsa pulasitiki m'tauni muno. Alamu anga ndiwo anandiletsa, nandilozera kwa amayi ena ku Lusaka amene amayeza mapepala akale ndi makina. Ndinakwera basi ya m'bandakucha, bokosi lili pamiyendo ulendo wonse.

Njira yawo amati spectroscopy. Makina amawalitsa kuwala papepala, ndipo mmene kuwalako kwabwerera ndi mmene amadziwira zomwe zili m'pepalamo. Sadula, sanyowetsa. Izi zinandikhazika mtima pansi, chifukwa kalata imodzi ndi yokhayo imene agogo analembera agogo aakazi asanakwatirane.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawanga amene ine ndinkaona ofanana anali a mitundu iwiri. Atazimitsa magetsi n'kuyatsa nyali ya UV (kuwala kwa ultraviolet, kumene maso athu sakuona), ena anawala mbuu, ena anangoti bii. Owalawo anati ndi a nkhungu, yobwera ndi chinyezi cha m'bokosi. Akudawo makina anapezamo chitsulo: mapini amene agogo ankamangira makalata anachita dzimbiri, ndipo tizidutswa tina tinalowa pepala likupangidwa. Chikasu chija anati chimachokera ku lignin, chinthu cha mu mtengo chimene chimatsalira m'mapepala otchipa, n'chifukwa chake nyuzipepala imasintha mtundu ikakhala padzuwa. Inki ya makalata nayo ili ndi chitsulo ndi asidi, ndiye ikudya pepala pang'onopang'ono mpaka zilembo zina zinabooka. Selotepi imene tinamata pong'ambika inasiya zipsera zimene sizidzachoka. Za pulasitiki ija anandiuza mosabisa kuti kutentha ndi guluu wake zikanawononga, ndipo kumatula pambuyo pake n'kovuta kwambiri.

Zodandaula zilipo. Anandilonjeza lipoti m'masabata awiri, linabwera patatha asanu, nditaimba foni katatu. Litafika linali la Chingerezi chovuta ndi mizere yokwerakwera imene munthu wamba sangaimve. Zonse ndafotokozazi ndinazimva pakamwa pawo, osati m'lipotimo. Komanso amene mukuganiza zopita, dziwani kuti iwo amayeza basi, satsuka. Mapepala anga anabwerera ndi mawanga awo onse, ndipo pa ndalama imene ndinalipira, kuphatikiza ya basi, poyamba zinandipweteka.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Mapini ndinachotsa onse, kalata iliyonse ili m'foda yakeyake yopanda asidi imene anandigulitsa, pamwamba pa kabati kutali ndi khoma. Ndinajambula onse pafoni, ndipo azakhali anga ku Katete anawerenga kalata ya bambo awo ija koyamba Lamlungu lapitali.